Wofunadi Amaitana Kawiri

Ndinathyola munthu mkono ndi chiwaya chatsopano, pepala la mtengo likadali lomatidwa kunsi kwake. Ndinakhala kundende miyezi isanu chifukwa cha zimenezo. Koma musaganize kuti ndabwera kudzalapa za mkonowo. Mutandipatsanso chiwayacho lero, ndikhoza kuthyolanso winawo. Chimene chimandidya ine ndi china, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale mkulu wanga amene tinayamwa bere limodzi. Tcherani khutu, ine sindidziwa kukometsera mawu.

1

Ndimagulitsa nsalu pamsika kwathu, kutali ndi nyanja. Sukulu ndinailekeza m'kalasi lachitatu, koma palibe wamasatifiketi amene anandipusitsapo pa malonda. Anzanga amanditcha Mayi Tsitsani. Lamulo langa ndi limodzi, ndipo ndinalera nalo ana: mawu oyamba a munthu ndi bodza. Wogulitsa akakutchulira mtengo, seka, tembenuka, uyambepo. Akaitana kamodzi usacheuke. Wofunadi amaitana kawiri.

Mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Ali wakhanda ankalira kosalekeza, ntchentche ikamutera kulira, mphepo ikamuomba kulira, mpaka malemu bambo ake anamutcha Nyenje. Anakwatiwa ndi mwamuna wa padoko, woyendetsa chimakina chachitali chokweza makontena m'sitima zapamadzi. Mwamunayo ndinachita kusankha ndine, nditathamangitsa katelala kena kamene kankamuzungulira. Zaka zitatu zinatha osabwera kudzationa. Tsiku lina ndinangoimbira mkamwini foni: "Loweruka ndikubwera. Ndikufuna ndione nyanja ndisanafe."

Basi inafika m'mawa, dzuwa litayamba kale kuwotcha. Padepoti pankanunkha mchere, dizilo ndi nsomba. Mkamwini ndiye anayamba kundiona.

"Amayi! Mwafika? Bweretsani chikwamacho. Lero ndapempha tchuthi chifukwa cha inu. Muona mzinda wonse, mugula chimene mtima wanu ukufuna, mudya nsomba zoti kwanu kulibe."

Munthu waulemu, malaya ositidwa bwino, mano oyera. Kumbuyo kwake kunali Nyenje, atavala bulauzi ya manja aatali ndi mpango m'khosi.

"Iwe, kutentha konseku? Ukufuna udziphike?"

"Ndili ndi chimfine, amayi."

"Nanga kuondaku? Amuna ako sakudyetsa?"

Mkamwini anaseka. "Mufunseni yekha, amayi. Zakudya zimachita kuola m'nyumba."

Nyenje anasekanso, koma atayamba wayang'ana nkhope ya mwamuna wake.

2

Tinayambira ku linga lakale lamiyala, pamwamba pa chitunda choyang'ana doko. Pali mizinga yadzimbiri yoloza kunyanja. Wolondolera alendo anabwera kuti atifotokozere za nkhondo zakale. Ndinamuuza kuti nkhani za anthu akufa ine sindilipira.

Kenako tinapita ku nsanja ya nyale yolondolera sitima. M'kati mwake muli masitepe ozungulira ngati nkhono. Ine ndi mawondo angawa ndinafika pamwamba. Nyenje anaima pakati, atagwira m'nthiti.

"Fulumira iwe! Ndakubereka ine, ndikuposenso kukwera?"

Mkamwini anatsika, n'kumugwira kumbuyo kwa khosi ngati mmene amanyamulira kamwana ka mphaka, n'kukwera naye. "Ndi waulesi mwana wanuyu, amayi, koma ndimamukonda choncho."

Pamwambapo ndinaona madzi opanda tsidya. Sitima zake zazikulu kuposa msika wathu wonse. Mkamwini anali m'chimwemwe ngati nyanjayo anakumba yekha.

"Mwaona chimakina chofiira chija? Changa chimenecho. Ndimakhala m'kanyumba kagalasi pamwamba paja. Kontena yolemera kuposa njovu zisanu ndimainyamula ndi zala zitatu izi."

Anakweza dzanja lamanja kuti andionetse zalazo. Nyenje anaphethira, n'kubweza mutu.

Ndinaona. Maso angawa amaona kabowo ka njenjete pa nsalu yopindidwa kanayi. Ndinaona, n'kutembenukira kunyanja n'kunena kuti, "Koma madziwa ndi ambiri."

Titatsika, tinadzeranso ku linga lija, ndipo wojambula zithunzi anatiimika pafupi ndi mzinga. "Sekani! Mayi, sekani, si maliro ano!" Chithunzicho ndidakali nacho. Tonse atatu mano ali pamtunda. Ukayang'anitsitsa, zala za mkamwini zalowa m'phewa la mwana wanga.

3

Msika wa mumzindamo ndi wa denga lamalata, mizere yake yopapatiza moti anthu onenepa amadutsana cham'mbali. Apa ndiye ndinafika kwathu. Pa benchi ya ziwiya ndinaona chiwaya chakuda, cholemera, chogwirira chake chachitali. Ndinachigogoda ndi chala, chinalira bwino.

"Zingati ichi, achimwene?"

Anatchula mtengo.

"Aaa! Ndafunsa chiwaya, osati benchi yonse ndi inu nomwe."

"Mayi, chitsulo cha sitima chimenecho. Mudzafa n'kuchisiya, adzukulu anu adzafa n'kuchisiya."

"Ndiye agule adzukuluwo. Onani apa, dzimbiri."

"Ndi mafuta amenewo, mayi! Kodi mwachokera kuti inu? Mukufuna ana anga adye mchenga?"

Ndinaseka, n'kutembenuka. Ine ndimawerenga mapazi. Pa phazi lachinayi anaitana, "Mayi!" Sindinacheuke. Pa phazi lachisanu ndi chiwiri, "Mayi, bweranitu! Tengani, mwandipha!" Ndinabwerera, n'kuchitenga ndi theka la mtengo. Ndinachiika m'thumba la nsalu, chogwirira chili kunja.

"Amayi," anatero Nyenje motsitsa mawu, "nanga akaitana kamodzi kokha?"

"Ndiye kuti sanali wotsimikiza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayamba kukonzakonza thumba.

Pa benchi ina panali zovala za makanda. Pakamwa pangapa pamayenda pokha. Ndinanyamula kachipewa kaubweya n'kumuponyera. "Ndigule? Kapena njenjete zidya ndisanaone mdzukulu?"

"Ine ndimayesetsa, amayi," anatero mkamwini. "Koma munda wanuwu sumeretsa."

Nyenje anabweza kachipewako pabenchi ndi manja awiri, pang'onopang'ono, ngati akuika dzira.

4

Kumapeto kwa msika kunali sitolo ya madiresi. Mkamwini anatsala pakhomo akulankhula pafoni. Mwini sitolo anali mayi wathupi, tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinasankha diresi yobiriwira n'kumukankhira Nyenje kuseri kwa katani kuti akayese.

Ine chovala sindigula ndisanaone msoko wake pathupi. Osoka ambiri amabisa chinyengo kukhwapa ndi kumsana. Ndinadikira pang'ono, ndinatopa, ndinatsegula katani.

Anali atavula bulauzi ndi mpango.

Msana wonse mikwingwirima ya lamba, yatsopano pamwamba pa yakale. Nthiti za kumanzere zakuda ngati biringanya. Paphewa panali chipsera cha ayironi, chosongoka kutsogolo, timabowo take tonse tikuoneka. M'khosi munali zipsera za zala zitatu ndi chala chachikulu.

"Ndikumupha," ndinatero.

Ananditseka pakamwa ndi dzanja. Linali lozizira. "Amayi, inu mawa mukwera basi. Wotsala naye ndine. Mukangotulutsa liwu limodzi, mwandipha ndinu."

Mwini sitolo anali ataima kumbuyo kwanga. Anaona zonse. Anakoka katani kutibisa, n'kunong'ona: "Kuseriku kuli khomo. Likutulukira kumene amaima matakisi. Ine ndimuuza bamboyo kuti mukuyesabe."

Nyenje anayang'ana khomolo. Kenako anayang'ana ine. Ankadikira kuti amayi ake anene.

Ndipo amayi akewo anati, "Tithawe ngati akuba? Zovala zako, makina ako osokera, mapepala ako a sukulu, zonse timusiyire? Ayi. Ndikambirana naye. Palibe mwamuna amene anandigonjetsapo pokambirana."

"Mayi," anatero mwini sitolo, "uyu si malonda."

"Inu sokani madiresi," ndinamuyankha.

Nyenje anavala bulauzi yake, n'kumanga mpango.

5

Dzuwa lili paliwombo, mkamwini anatitengera kumalo odyera pafupi ndi chipata cha doko. Matebulo apulasitiki, chokupizira mphepo chikulira padenga, amalinyero akuseka pakona. Anabweretsa nsomba yaikulu yokazinga, mandimu, mpunga ndi nkhanu zofiira.

"Lawani nkhanu, amayi."

"Zinthu zoyenda cham'mbali ine sindidya."

Anaseka mpaka kugunda tebulo. Ndinaona kuti wakhuta ndipo mtima uli m'malo. Pamsika nthawi yabwino ndi imeneyo.

"Bambo, ndikupempheni. Miyendo yangayi ikutupa. Ndikufuna wondithandiza pabenchi. Ndibwerekeni mkazi wanu mwezi umodzi."

"Mwezi? Nanga andiphikire ndani?"

"Masabata awiri."

"Amayi, mkazi si wilibala yobwerekana."

"Sabata imodzi. Ndimubweza ndekha."

Anatulutsa munga wa nsomba m'kamwa, n'kuuika m'mbali mwa mbale. Kuseka kunali kutatha. "Munakhalitsa kuseri kwa katani kuja. Mumaona chiyani?"

Munthu wanzeru akanati timaona msoko. Ine magazi anali atakwera kale.

"Ndimaona mmene mumasitira. Malaya anu ndi mwana wanga, ayironi imodzi."

Nyenje anatsinzina.

Ndinaona kuti ndalakwitsa, ndiye ndinatulutsa chida changa chomaliza, chimene sichinandikanepo zaka makumi atatu. Ndinaimirira n'kunyamula thumba. "Chabwino. Ngati mwakana, khalani naye. Ine ndikupita kwa mabwana anu pachipata apo, ndikawauze za munthu amene amamupatsa makina awo."

Ndinatembenuka. Mumtima ndinkati aitana, anena kuti amayi bwerani tikambirane, tengani sabata imodziyo. Phazi lachinayi, zii. Lachisanu ndi chiwiri, zii. Ndinadutsa khomo. Ndinafika pamsewu, malole akudutsa, fumbi m'maso. Pa phazi la makumi awiri ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinacheuka osaitanidwa.

Patebulo panalibe munthu. Mpando wa Nyenje unali utagwa.

Ndinathamanga kudutsa m'khichini, ndinagwetsa mphika wa mpunga, ndinatulukira kuseri kumene amapalira nsomba. Pali sinki yasimenti ndi mpopi, pansi ponse mamba ndi madzi amagazi. Mkamwini anali atakulunga tsitsi la Nyenje kudzanja lamanzere.

"Wamuonetsa? Ndinakuuza chiyani m'mawa? Ndinakuuza chiyani?"

Anamumenyetsa chipumi pasinki. Phokoso lake sindidzaliiwala. Anamudzutsa n'kumumenyetsanso. Magazi anatsikira m'maso. Anyamata awiri operekera zakudya anangoima pakhomo, wina n'kumati, "Za m'banja izi, tisalowerere." Mayi wopala nsomba ankakuwa yekha, mpeni uli m'manja, osadziwa chochita nawo.

Ndipo Nyenje, mwana amene ankalira ntchentche ikamutera, sanatulutse mawu ngakhale amodzi.

Mkamwini anatsamira dzanja lamanja m'mphepete mwa sinki kuti amuponde bwino m'mimba. Chogwirira cha chiwaya chinali kunja kwa thumba. Ndinachisolola, ndinachigwira ndi manja onse awiri, ndinatsitsa cham'mbali pakati pa chigongono ndi chikhatho. Kunamveka ngati nzimbe ikuthyoka. Anakuwa, n'kusiya tsitsi, n'kundipatsa chibakera chamanzere pakamwa. Ndinalavula mano awiri. Anaterereka pa mamba a nsomba n'kugwada, dzanja lothyokalo lili pansi. Ndinatsitsa kachiwiri, pa zala zitatu zija.

Kachitatu ndinaloza mutu. Mayi wopala nsomba anataya mpeni n'kundigwira m'chiuno.

"Mutu ayi, mayi! Mutu ayi! Mwana wanuyu atsala ndi ndani?"

Apolisi a padoko anatipeza choncho: mkamwini akubuula, ine nditakhala m'madzi a nsomba, mutu wa Nyenje uli pamiyendo panga, ndikutseka bala ndi mpango wake uja.

6

Tsiku lachinayi Nyenje anabwera kudzandiona kupolisi. Pachipumi anali atamusoka, diso limodzi lotupa. Apolisi anatikhazika pabenchi, wapolisi wamkazi ali pakhomo.

"Munkapita kuti, amayi, pamene munanyamuka patebulo?"

"Ndinkati aitana."

"Ngati tsiku lija."

Ndinayang'ana pansi. Ndipo apa, inu owerenga, ndi pamene pali nkhani yanga.

Chaka chimodzi m'mbuyomo, Lachitatu masana, ndili pabenchi ndikulimbana ndi mzimayi wina pa nsalu zisanu ndi imodzi za ukwati, foni inalira. Anali Nyenje, akunong'ona. "Amayi, bwerani mudzanditenge. Andipha." Kumbuyo kwake ndinkamva chitseko chikugundidwa. Mzimayi wa nsalu uja anali atayamba kutseka kachikwama kake kuti azipita. Ndinaganiza kuti ndi Nyenje yemwe uja wolirira ntchentche. Ndinati, "Ndili ndi kasitomala. Banja ndi choncho. Zikakhala zoona uimbenso." Ndinadula foni. Nsalu zonse zisanu ndi imodzi ndinagulitsa.

Sanaimbenso. Ine ndinati mwaona, sanali wotsimikiza. Ndinadikira sabata, mwezi, chaka. Foni ndinali nayo m'thumba, nambala yake ndinali nayo, koma kwa ine woyamba kuitana ndiye wagonja. Mkulu wanga akafunsa, ndinkati mwana akukhala ngati mfumukazi kunyanja. Ndipo padepoti paja, nditangoona manja aatali ndi mpango, ndinadziwa kuti si chimfine. Tsiku lonse lija, kumizinga, kunsanja, kumsika, ndinkadziwa. Ndinkangofuna nditsirize ulendo wanga popanda wondiuza kuti ndinalakwa.

"Bwanji sunaimbenso?" ndinamufunsa. Mawu anatuluka opanda mphamvu, kudzera m'mpata wa mano.

"Anathyola chitseko, n'kuphwanya foniyo." Anagwira pamimba pake. "Ndinali ndi mimba ya miyezi isanu, amayi, ndipo inachoka tsiku lomwelo. Ndinkafuna ndidzakuuzeni pamaso. Anali mwamuna. Anamwino anandionetsa."

Kachipewa kaubweya kaja kanabwera m'maso mwanga.

"Patapita masiku anandigulira foni ina," anapitiriza. "Ndinkaigwira, n'kuisiya. Ndinkati ndikaimba kachiwiri amayi n'kunenanso kuti ali ndi kasitomala, ndiye kuti ndilibe mayi. Ndinasankha kusadziwa."

Ndinafuna kumugwira dzanja. Analibweza.

"Kwa bamboyo sindibwereranso," anatero. "Ndauza apolisi zonse, ndawaonetsa msana. Koma kwa inu sindibwera. Mayi wa madiresi uja wandipatsa chipinda ndi makina."

Anaimirira n'kumapita. Ndinaitana, "Nyenje!" Sanacheuke. Ndinaitananso, "Mwana wanga!" Sanacheuke. Ndinaitana kachitatu mpaka wapolisi anandiuza kuti nditseke pakamwa.

7

Woweruza anati kumenya koyamba kunali kupulumutsa munthu, kwachiwiri kunali mkwiyo wanga. Miyezi isanu. Ndinamuuza kuti atsitseko, sanaseke. Mkamwini anamupatsa zaka, chifukwa mayi wopala nsomba ndi mayi wa madiresi anaima m'khoti n'kunena zonse. Zala zake zinapola zopindika. Chimakina chofiira chija akuyendetsa wina.

Nditatuluka ndinabwerera pabenchi yanga. Lamlungu lililonse ndinkaimbira Nyenje. Foni inkalira mpaka kudula yokha. Ndinkaimbanso. Ine Mayi Tsitsani, amene sindinathamangirepo munthu, ndinaimba Malamlungu makumi asanu popanda woyankha.

Mwezi wathawu, masana, ndikulimbana ndi bambo wina wofuna nsalu za kwaya yonse, foni inalira m'thumba. Ndinaona nambala. Nsalu zinagwera m'matope.

"Nyenje! Uli kuti? Chavuta n'chiyani? Ndikwere basi?"

"Palibe chavuta, amayi." Ndinkamva makina osokera akulira kumbuyo kwake. "Ndimangofuna ndione ngati muyankha."

"Ndayankha."

"Ndamva," anatero. "Mano aja anakuikani?"

"Akutchula mtengo wamisala."

Anaseka. Kaseko kakang'ono, koma anaseka asanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Bambo wa kwaya anali atapita kukagula kwa mnzanga. Sindinamuitane.

Sanandikhululukire, ndipo ine sindinapemphe kuti anditsitsire. Mdzukulu wanga ali m'manda amene sindikuwadziwa, mumzinda umene ndinapitako kukaona mizinga ndi kudya nsomba.

Inu azimayi anzanga amene mwawerenga mpaka pano, pamsika limbanani mmene mungathere, tembenukani, werengani mapazi, musalole munthu akudyereni. Koma zimenezo muzizisiya pabenchi. Mwana wanu akaitana kamodzi, ngakhale akhale wolirira ntchentche, tayani nsalu muthamange. Mukapeza kuti linali bodza, mwangotaya tsiku limodzi. Mukadikira kuitana kwachiwiri, woimbayo akhoza kukhala wa kuchipatala.